Kaphuma ndi Mphika Wochedwa

Kaphuma anali mtsikana wamng'ono. Dzinali linali longomutcha. Ankamutcha choncho chifukwa ankachita zonse mwaphuma.

Kaphuma ankadzuka mwachangu. Ankasamba mwachangu. Ankavala mwachangu. Masiku ena ankatuluka ndi sokosi imodzi yokha.

Kaphuma ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna chakudya chotentha madzulo. Ankafuna kudya pamodzi ndi amayi.

Amayi ake anali namwino. Ankagwira ntchito kuchipatala tsiku lonse. Abambo ake anali dalaivala wa basi. Nawonso ankabwera dzuwa litalowa.

Madzulo amayi ankafika atatopa. Ankakhala pampando.

"Ndipume pang'ono, kenako ndiphike," amayi ankatero.

Posakhalitsa ankagona pampando pomwepo.

Ndiye achemwali ake a Kaphuma ankadula buledi. Ankapanganso tiyi. Lolemba, buledi ndi tiyi. Lachiwiri, buledi ndi tiyi. Lachitatu, tiyi ndi buledi.

"Achemwali," anatero Kaphuma, "m'mimba mwangamu mumera mtengo wa buledi."

"Idya, usawadzutse amayi," anayankha achemwali.

Tsiku lina Lamlungu azakhali anabwera. Ananyamula katoni yayikulu. Anayiika patebulo la kukhitchini. Kaphuma anatsegula mwachangu.

M'katonimo munali mphika. Kunja kwake kunali koyera. M'kati mwake munali mwakuda. Chivindikiro chake chinali chagalasi. Kumbuyo kwake kunkalendewera chinthu chachitali.

"Azakhali, mphikawu uli ndi mchira," anatero Kaphuma.

"Si mchira umenewo," anatero azakhali. "Ndi chingwe cha magetsi."

"Nanga moto ulowera pati?"

"Mphika umenewu sufuna moto."

"Mphika wopanda moto?"

Kaphuma anadzikanda m'mutu. Sanamvetse.

Azakhali anatembenukira kwa amayi.

"Alamu, mphikawu ukupumitsani," anatero. "Mumaika zonse m'mawa. Mumapita kuntchito. Iwo umaphika wokha, pang'onopang'ono. Madzulo mumapeza zonse zapsa."

"Bwanji osaphika mwachangu?" anafunsa Kaphuma.

Azakhali anaseka. "Mwana wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kaphuma anasuzumira mumphika. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko.

"Mulibe nkhono umu, azakhali."

Onse anaseka. Kaphuma anadzikanda m'mutu. Sanamvetse.

Lolemba m'mawa amayi analawirira. Anadula anyezi. Anadula matimati. Anaika nyama yogaya mumphika. Anathira mchere ndi madzi. Kenako anavindikira.

Amayi analumikiza chingwe kumagetsi. Kanyali kofiira kanayaka. Mphika unangokhala chete.

"Mvetsera, Kaphuma," anatero amayi. "Mphikawu umatentha. Iwe usawugwire. Wotsegula ndi mkulu wako yekha."

"Ndamva, amayi."

Amayi anaika paketi ya makaroni patebulo.

"Makaroni amalowa kumapeto," anatero. "Abambo anu akabwera, athira."

"Kumapeto kwa chiyani?" anafunsa Kaphuma.

Koma amayi anali atachedwa. Anatenga chikwama. Anatenga makiyi. Anatsika masitepe akuthamanga.

Masana Kaphuma anaweruka kusukulu. Anabwera pamodzi ndi achemwali. Anakwera masitepe mwachangu. Anathamangira kukhitchini.

Mphika unali pomwe paja. Kanyali kofiira kanali chiyakire. Kaphuma anatchera khutu. Kunali zii.

Kaphuma ankadziwa miphika ina. Miphika ina imabwata. Miphika ina imavinitsa chivindikiro. Koma uwu unali zii.

"Achemwali, mphika wagona," anatero Kaphuma.

"Sunagone. Ukuphika," anayankha achemwali. Iwo anali kulemba ntchito ya kusukulu.

Kaphuma anaomba m'manja. Mphika sunadzuke. Anaimba nyimbo. Mphika sunadzuke. Anabweretsa wotchi ya abambo. Anayiliza pafupi ndi mphika. Mphika sunadzuke.

Kaphuma anakwera pampando. Manja anawaika kumbuyo. Anayang'ana pachivindikiro. Pagalasi panali timadontho ta madzi.

"Achemwali, bwerani. Mphika ukudwala."

Achemwali anabwera ndi pensulo m'manja.

"Ukudwala chiyani?"

"Watentha thupi. Ukutulukanso thukuta. Tiwayimbire amayi abweretse mankhwala."

"Sukudwala," anatero achemwali. "Ukuphika."

"Ukuphika uli chete?"

"Eya."

Kaphuma anadzikanda m'mutu. Sanamvetse.

Kenako Kaphuma anaona paketi ya makaroni. Anayigwira. Makaroni anali ouma gwa. Analumako limodzi. Dzino linamupweteka.

Kaphuma anayang'ana makaroni. Anayang'ana mphika. Anayang'ananso makaroni.

"Achemwali, ndaganiza," anatero. "Mphikawu ndi wochedwa. Makaroniwa ndi ouma. Akalowa madzulo, apsa mawa."

Achemwali anasiya kulemba. Nawonso mphikawu unali wachilendo kwa iwo.

"Koma amayi anati kumapeto," anatero achemwali.

"Sukulu yatha. Amenewa si mapeto?"

Achemwali anaganiza pang'ono.

"Mwina ukunena zoona," anatero.

Achemwali anatenga kansalu. Anatsegula chivindikiro. Fungo labwino linatuluka. Kaphuma anakhuthula makaroni onse. Achemwali anatakasa, navindikira.

"Tawuthandiza," anatero Kaphuma. Mtima wake unakhala pansi.

Dzuwa linapendeka. Dzuwa linalowa. Kaphuma anapita kukasamba. Achemwali anapita kukaanula zovala.

Nthawi yomweyo abambo anafika. Anakwera masitepe akuimba mluzu. Anasamba m'manja. Anayang'ana patebulo. Paketi panalibe.

"Amayi awo ayiwala kutulutsa," anatero abambo okha.

Abambo anatsegula kabati. Anatenga paketi ina. Anatsegula mphika. Anaona zofiira zokhazokha. Makaroni sankaoneka. Abambo anakhuthula paketi yonse, navindikira.

Patapita nthawi amayi anafika. Anali atatopa, koma ankamwetulira.

"Lero tidya zotentha," anatero amayi.

Kaphuma anaika mbale mwachangu. Anaika masupuni mwachangu. Anakhala pampando mwachangu.

Amayi anatsegula mphika. Analowetsa chipande. Chipande chinakana kuyenda. Amayi anachisiya. Chipande chinaima chokha ngati msilikali.

"Kodi mwathira makaroni angati?" anafunsa amayi.

"Paketi imodzi," anayankha abambo.

"Nafenso paketi imodzi," anatero Kaphuma monyadira.

Amayi anatembenuka. Abambo anatembenuka.

"Inunso? Nthawi yanji?" anafunsa amayi.

"Masana," anayankha achemwali motsitsa mawu.

"Koma ine sindinaone makaroni umu," anatero abambo.

Kaphuma anasuzumira mumphika. Anaona makaroni a abambo pamwamba. Ake aja sanawaone.

"Amayi, mphika wadya makaroni athu."

"Sunadye," anatero amayi. "Akhalitsa. Asungunuka."

Amayi anapakula movutikira. Pansi panali pofewa ngati phala. Pamwamba panali polimba ngati mikanda. Abambo analawa. M'kamwa mwawo munamveka kukutu, kukutu.

"Zikukoma," anatero abambo. Koma supuni anayiika pansi.

Palibe anaseka. Achemwali ananyamuka. Anadula buledi. Anapanga tiyi.

Amayi anagwira kumutu. Maso awo anali ofiira ndi tulo.

"Mwina mphikawu si wa ife," anatero amayi. "Tiwubweze kwa azakhali anu."

Mtima wa Kaphuma unati phwii.

"Amayi, ine ndimafuna kuwuthandiza," anatero.

"Ndikudziwa, mwana wanga."

"Tiyesenso mawa. Chonde, amayi. Mawa ndidekha."

Amayi anamuyang'ana. Kenako anamukokera pafupi.

"Mvetsera," anatero amayi. "Msuzi umafuna tsiku lonse. Makaroni amafuna kanthawi kochepa."

"Mumphika womwewo?"

"Mumphika womwewo."

"Mphika umodzi, nthawi ziwiri?"

Kaphuma anadzikanda m'mutu. Sanamvetse. Koma amayi anavomera kuyesanso.

Lachiwiri m'mawa amayi anadula anyezi. Anadula matimati. Anaika nyama, mchere ndi madzi. Kanyali kofiira kanayaka.

Amayi anatenga paketi yomaliza m'kabati. Anamupatsa Kaphuma m'manja.

"Lero ndiwe mlonda wa makaroni," anatero amayi. "Asalowe masana. Abambo ako akabwera, uwapatse."

"Ndamva, amayi."

Masana Kaphuma anaweruka. Anatenga paketi ija. Anayikumbatira ngati mwana. Anakhala pampando wa kukhitchini.

Mphika unali zii. Kaphuma nayenso anali zii. Miyendo yake inkafuna kuthamanga. Manja ake ankafuna kutsegula paketi. Kaphuma anakhalira manja ake.

"Ukutani?" anafunsa achemwali.

"Ndikudekha."

"Kukuwawa?"

"Pang'ono."

Dzuwa linapendeka. Kaphuma anadikira. Dzuwa linalowa. Kaphuma anadikira. Magetsi a mumsewu anayaka. Kaphuma anatchera khutu kumasitepe. Mluzu wa abambo sunamveke.

Kenako foni ya achemwali inalira. Anali abambo.

"Ana anga, tayala la basi laphulika," anatero abambo. "Tikulikonza. Ndichedwa."

Achemwali anaika foni pansi.

"Tithire tokha makaroni," anatero.

Kaphuma anakumbatira paketi mwamphamvu.

"Ayi. Amayi anati abambo akabwera."

"Abambo achedwa kwambiri."

"Tidikira."

"Tikadikira, amayi apeza zosapsa. Agona ndi njala. Tidyanso buledi."

Kaphuma anayang'ana mphika. Anayang'ana paketi. Anayang'ana chitseko.

"Dzulo ndinafulumira, ndinalakwa," anatero. "Lero ndadekha. Ndalakwanso?"

Achemwali nawonso anadzikanda m'mutu.

Misozi inalengeza m'maso mwa Kaphuma. Iyi inali paketi yomaliza. Ikalakwika, mphika ubwerera kwa azakhali.

Kaphuma anapukuta m'maso. Anaganiza. Anaganizanso.

"Achemwali, tiwayimbire amayi," anatero.

Achemwali anaimba. Anamupatsa Kaphuma foni.

"Amayi, ndine mlonda wa makaroni."

"Ndakumva, mwana wanga. Kuli bwanji?"

"Abambo achedwa. Tayala laphulika. Makaroni ndidakali nawo."

"Ine ndangoweruka kumene," anatero amayi. "Ndaima podikirira basi."

"Amayi, munati makaroni amafuna kanthawi kochepa."

"Ndinatero."

"Kanthawi kochepa n'kotalika bwanji?"

Pafoni pankamveka phokoso la magalimoto.

"Ndifotokoze bwanji?" anatero amayi. "Kali ngati ulendo wanga. Kuchoka kuno kufika kunyumba."

Kaphuma anatong'ola maso. Anaimirira pampando.

"Ndiye inu mukwere basi, amayi. Makaroni akwere mphika. Mufika limodzi."

Amayi anaseka. Anaseka mpaka Kaphuma anachotsa foni kukhutu.

"Wanena zoona," anatero amayi. "Basi yanga ndi iyi yafika. Ndikukwera. Thirani tsopano."

Achemwali anatenga kansalu. Anatsegula chivindikiro. Msuzi unali wofiira. Unkanunkhira nyumba yonse. Kaphuma anakhuthula makaroni. Achemwali anatakasa, navindikira.

"Anyamuka," anatero Kaphuma.

Kaphuma anapita pazenera. Amayi sankaoneka. Anabwerera pamphika. Makaroni anali aang'ono.

Anapitanso pazenera. Amayi sankaoneka. Anabwereranso pamphika. Makaroni anayamba kufufuma.

"Achemwali, amayi ali pakati pa njira."

"Wadziwa bwanji?"

"Makaroni anenepa pang'ono."

Kaphuma anapukuta tebulo. Anaika mbale. Anaika masupuni. Anaika makapu a madzi. Kenako anapitanso pazenera.

Basi inaima pakona. Anthu anatsika. Pakati pawo panali diresi loyera la unamwino.

"Ndi awo," anatero Kaphuma.

Mapazi anamveka pamasitepe. Chitseko chinatseguka. Amayi analowa. Anaima pakhomo. Anakoka mpweya ndi mphuno.

Amayi anasamba m'manja. Anatsegula mphika. Analowetsa chipande. Chipande chinayenda bwinobwino. Amayi anatapa makaroni pang'ono. Anauzira. Analawa.

Kaphuma anasiya kupuma. Achemwali anasiya kupuma.

"Apsa," anatero amayi. "Tafika limodzi."

Kaphuma anadumphadumpha. Anazungulira tebulo. Anakumbatira amayi m'chiuno.

Amayi akupakula, mluzu unamveka pamasitepe. Abambo analowa. Manja awo anali bii ndi tayala.

"Pepani, ndachedwa," anatero abambo. "Paketi ili kuti? Ndithire."

"Musathire, abambo," anatero Kaphuma ndi achemwali pamodzi.

Abambo anakweza manja m'mwamba. Anapita kukasamba.

Onse anakhala patebulo. Mbale zinkatuluka nthunzi. Makaroni anali ofewa bwino. Msuzi unalowa m'timabowo tawo. Abambo anadya, nawonjezera. Achemwali anadya, nawonjezera.

Amayi anafunsa za kusukulu. Kaphuma anawauza zonse. Anawauza za masamu. Anawauza za mnzake amene waguluka dzino. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mphikawu ukhala," anatero amayi. "Ndikamakwera basi, ndiziimba foni. Inu muzithira."

"Mawa ndigula sipageti," anatero abambo. "Tiyese ameneyo."

Kaphuma anasiya kutafuna.

"Sipageti wamtali uja?"

"Yemweyo."

Kaphuma anayang'ana makaroni m'mbale mwake. Anali aafupi. Anatambasula manja kuyeza sipageti. Anali wamtali.

"Ndiye mawa kuli vuto, amayi," anatero.

"Vuto lanji?"

"Mawa mudzere njira yayitali."

Abambo anatsamwa ndi madzi. Achemwali anagwira m'mimba. Amayi anaseka mpaka misozi. Kenako anamunyamula Kaphuma, namukhazika pamiyendo pawo.

"Ayi, mwana wanga," anatero amayi. "Sipageti timuthyola pakati. Ine ndidzera yachidule, ndifike msanga kwa iwe."